Ophunzira Achilendo mu Mzuzu ndi Njira Yotsikira Kunyanja

Wophunzira wochokera kunja akamva kuti akupita ku Malawi, amalongedza zovala za dziko lotentha. Palibe amene amamuuza za Mzuzu. Mzinda uno uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi kumacha ndi nkhungu, kamvula kowaza kosaleka ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Tsono miyezi imeneyi ndi imene sukulu za ku Ulaya ndi ku America zimatsekera, choncho ndi nthawi yomwenso ana awo amafika kuno ambiri. Mukawaona ku Luwinga atavala makabudula, manja ali m'khwapa, dziwani kuti afika dzulo. Pakapita masiku awiri mudzawapeza pa kaunjika akusankha majuzi ngati ife tomwe.

Mzuzu si mzinda wakale. Unayamba cha m'ma 1947 ngati likulu la minda ya mitengo ya tung, unapatsidwa ulemu wokhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 220,000. Chimene chimakoka ophunzira a kunja ndi sukulu ndi zipatala. Pali yunivesite ya Mzuzu, imene tonse timangoti Mzuni, yomwe inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Pali chipatala chachikulu cha Mzuzu chimene chinamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan, pali St John of God kumene amasamalira odwala matenda a maganizo, ndiponso zipatala za mishoni monga Ekwendeni ndi Embangweni, kumene ophunzira udokotala ndi unamwino amabwera kudzakhala masabata angapo. Ophunzira a ku Virginia Tech ndi a ku yunivesite ya Denver ku America akhalapo m'kalasi limodzi ndi anzawo a pa Mzuni kuphunzira za madzi ndi ukhondo. Aliponso a m'maiko a mu Africa muno, amene sitiwazindikira msanga poti khungu ndi lathu lomweli, koma chilendo chawo n'chimodzimodzi.

Onsewa amabwera ndi zinthu ziwiri mumtima: maphunziro, ndi kuona dziko. Maphunzirowo ali nawo eni ake. Nkhani yanga ili pa chachiwirichi, chifukwa m'pamene ife a m'nyumba za Chiadventisti timakumana nawo, ndipo m'pamene thanzi lawo limakhala pa chiswe.

Maulendo awo okaona malo amakonzedwa mwa njira imodzi: kunyamuka Lachisanu masana, kubwerako Lamulungu madzulo. Kwa ambiri palibe vuto. Koma pagulu lotere nthawi zina mumakhala mwana mmodzi wosunga Sabata, ndipo iye amasankha pakati pa kukwera basi ndi anzake kapena kutsala yekhayekha m'chipinda chozizira, m'dziko limene sadziwamo aliyense. Ena amalimba mtima n'kufunsa njira ya kutchalitchi. Amalowa mochedwa, amakhala pa benchi la kumbuyo, ndipo pa nthawi yolandira alendo amaimirira, timawaombera m'manja, basi zathera pomwepo. Mapemphero akatha aliyense amatenga ana ake ulendo wa kunyumba. Abale ndi alongo, kuomba m'manja sikudyetsa munthu. Mwana ameneyo ali ndi mayi wake kwinakwake amene usiku wa Lachisanu anagwada kupempha kuti mwana wake apeze banja.

Kumulandira sikufuna zambiri. Muuzeni msanga kuti kuno mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, chifukwa kwawo mwezi womwewo limatha kukhalapo mpaka 9 koloko usiku, ndipo Sabata lingamupeze ali pamsika wa Taifa akutsutsa mtengo wa chitenje. Muphunzitseni kunena "Monire" ndi "Yewo". Amayi a pamsika akamva mawu awiriwo mitengo imatsika yokha. Za chakudya musavutike kufuna zachizungu. Ambiri a iwo sadya nyama, ndipo mbale ya mpunga wa Kilombero, nyemba, nkhwani wotendera ndi nthochi imawakwanira kuposa nkhuku imene mukanaigula mwa ngongole. Madzi akumwa okha ndiwo awiritseni, ngakhale inu mumamwa a pampopi osadwala, pakuti m'mimba mwake simunazolowere. Adzakufunsani za khofi wa Mzuzu, poti dzina la mzinda wathu ena analimva koyamba pa paketi ya khofi. Ife amene sitimwa khofi timangomuloza kumene amagulitsa ngati akufuna kukapatsa abale ake, kwinaku tikumuthirira thobwa.

Ubwino wa Mzuzu ndi wakuti malo ambiri okongola ali pafupi, moti wosunga Sabata sataya kanthu. Akhoza kupembedza nafe, n'kunyamuka Lamulungu mbandakucha.

Ine mlendo akandifunsa koyambira, ndimati Livingstonia. Mumatenga msewu wa M1 kulowera kumpoto, kudutsa Ekwendeni ndi Phwezi, mpaka kutsika chitunda cha Chiweta pamene nyanja imaonekera mwadzidzidzi kumunsi, yabuluu ngati yopaka. Pa Chitimba pamayambira msewu wa Gorodi, umene umakwera phiri ndi makona akuthwa okwana 20. Amene ali ndi mtima wofooka adzere njira ya ku Njakwa. Achinyamata amakonda kukwera Gorodi wapansi, ndipo si zoipa, malinga ayambe dzuwa lisanatenthe ndi kunyamula madzi okwanira. Chakumtunda kuli mathithi a Manchewe, kumene madzi amagwa mamita oposa 100, ndipo m'mphepete mwake mulibe mpanda wodalirika. Wofuna chithunzi aime patali.

Chimene ndimafuna kuti akaone kumeneko si mathithiwo ayi, koma chifukwa chimene mishoni inakakhalira pamwamba pa phiri lovuta chotero. Amishoni a ku Scotland anayamba kumanga ku Cape Maclear mu 1875. Malungo anawapha. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kufupi ndi Chintheche, ndipo manda awo alipo mpaka lero m'mphepete mwa nyanja, ambiri a anthu amene anafa akadali achinyamata. Mu 1894 Dr Robert Laws anakwera nayo mishoni ku Khondowe, kumene lero timati Livingstonia. Nthawi yonseyi sankadziwa chimene chinkawapha. Zoti udzudzu ndiwo umafalitsa malungo zinadziwika mu 1897, pamene Ronald Ross anazipeza ku India. Iwo ankangoona kuti kunyanja anthu akufa, kumtunda akukhala. Wophunzira wa lero amabwera ndi mapiritsi oteteza malungo m'chikwama, koma akafika mu Mzuzu n'kuona kuzizira amaganiza kuti udzudzu kulibe, amaleka kumwa, kenako n'kukagona kunyanja usiku umodzi wopanda neti. Ngati ali m'nyumba mwanu, kumufunsa za mapiritsiwo si kulowerera. Thupi likatentha, kaya patapita sabata imodzi kaya mwezi, akayezetse magazi tsiku lomwelo, osayamba ndi panado.

Livingstonia ili ndi nkhani ina yoyenera mlendo wa sukulu. Kalelo kunali komwe ana a m'maiko oyandikana nafe ankabwera kudzaphunzira, ndipo ophunzira ake anafalikira kutali. David Kaunda, bambo wa mtsogoleri woyamba wa Zambia, anachokera ku mishoni imeneyi kupita ku Chinsali. Clements Kadalie, wa ku Nkhata Bay, anakayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Ndipo mu 1958 mnyamata wina amene anaphunzira pomwepa, Legson Kayira, ananyamuka wapansi kuti akafune sukulu ku America. Anayenda zaka ziwiri mpaka ku Khartoum m'dziko la Sudan, ndipo potsiriza anakalowa Skagit Valley College m'chigawo cha Washington. Mbiri yake anailemba m'buku lotchedwa I Will Try. Alendo athu amene amadandaula kuti akhala maola ambiri m'ndege amakhala chete akamva zimenezi.

Za Nyika ndi Vwaza sindichulukitsa, poti tsiku limodzi silikwana ndipo galimoto yake ndi yodula. Nyika ndiye paki yaikulu koposa m'dziko muno, mapiri a udzu okhaokha, mbidzi zikudya poyera, ndipo usiku wa mu Julayi ku Chelinda madzi amatha kuuma m'beseni. Ku Vwaza kuli njovu ndi mvuu pa nyanja ya Kazuni, komanso kuli kashembe, ntchentche imene imapatsa matenda a kaodzera. Imakonda zovala zakuda ndi zabuluu. Wopita kumeneko avale zotuwa za manja aatali, ndipo akalumidwa n'kutuluka chotupa chopweteka ndi kutentha thupi, akauze achipatala kuti anali ku Vwaza.

Koma tinene zoona, onsewa chimene amafuna ndi nyanja. Kuchokera mu Mzuzu kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50, ola limodzi pa galimoto. Msewu wa M5 umatsika mokhotakhota, ndipo musanafike pa Mpamba majuzi onse avulidwa. Chimanga chimachepa, chinangwa chimachuluka, ndipo m'mbali mwa msewu mumaona makaka oyera atayanikidwa pa thandala. Dera limeneli si lachilendo kwa ife, pakuti m'boma lomweli muli mishoni yathu ya Luwazi, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Pa doko, mukachita mwayi, mupeza sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, anthu akukweza matumba a ufa ndi kutsitsa a usipa. Chapafupi pali chikumbutso cha anthu amene anawomberedwa pa 3 Malichi 1959, tsiku limene dziko lonse limakumbukira chaka ndi chaka. Alendo ambiri amadutsapo osadziwa, akuthamangira kumchenga. Ndi bwino kuwaimitsa pang'ono.

Chakudya cha kumeneko ndi kondowole, nsima ya chinangwa yonanda imene Atonga amati mukadya m'mawa simufunanso kanthu mpaka madzulo. Mlendo ayambe ndi nthongo yaing'ono. Pa nsomba, wa Chiadventisti amene amadya nsomba sakhala ndi njala: chambo, batala ndi usipa zonse zili ndi mamba. Kampango ndi mlamba zilibe, ndipo zikaduliridwa m'mbale n'kuthiridwa msuzi, munthu wachilendo sangazisiyanitse. Afunse dzina la nsomba asanaitanitse.

Tsono tifike pa madzi enieniwo. Ndi oyera moti mumaona timbuna tamitundumitundu tikusewera m'miyala, ndipo palibe mwana wa zaka 20 amene angaime pamchenga n'kungoyang'ana. Adzalowa basi. Kuwaletsa ndi kutaya mawu. Chimene tingachite ndi kuwauza za likodzo momveka, chifukwa zimene amamva kwa anzawo ndi theka la nkhani.

Likodzo limayamba chonchi. Munthu wodwala akakodza m'madzi, amasiyamo mazira a tinyongolotsi. Mazirawo amaswa, ndipo tizilombo take timalowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi, momwe timaswana kwambiri. Pakapita masabata angapo timatuluka mu nkhonomo n'kumayandama, tosaoneka ndi maso, kudikira khungu la munthu. Sitifuna bala, sitifuna kuti mumwe madziwo. Timaboola khungu labwinobwino la wosamba, wochapa, wotsuka mbale kapena wongoponda m'madzi pokwera bwato. M'thupi timakula pang'onopang'ono n'kukakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mtundu wina umakakhala ku matumbo. Mazira ake ndiwo amavulaza: magazi kumapeto kwa mkodzo, kupweteka pokodza, ndipo zaka zikachuluka impso zimawonongeka, ngakhale khansa ya chikhodzodzo imatha kuyamba.

Nkhono zimenezi zimakonda madzi odekha, a bango ndi udzu, pafupi ndi midzi. N'chifukwa chake anthu amati pamiyala ndi pamadzi akuya palibe vuto. Chiopsezo chimachepadi, koma sichitha. Kumwera kwa nyanjayi kunapezeka nkhono ina yokhala pamchenga weniweni, ndipo akatswiri anaona kuti inachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha kupha nsomba mopitirira muyeso. Kudzipukuta mwamphamvu ndi thaulo mukatuluka n'kwabwino, koma si chitetezo chodalirika. Mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito mongodzipereka m'bungwe la Peace Corps anadwala likodzo limene linafika ku ubongo ndi ku msana atasamba ku Cape Maclear. Zotere sizichitika kawirikawiri, koma zimasonyeza kuti thupi limene silinakumanepo ndi tizilomboti likhoza kudwala moopsa.

Pamene alendo ambiri amaphonya ndi pa nthawi. Amamva kuti mankhwala ake ndi praziquantel, amagula ku famase, ndipo amamwa tsiku lotsatira atachoka kunyanja, n'kuganiza kuti athana nazo. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zazikulu, koma zazing'ono zimene zangolowa kumene sazigwira bwino. Pamafunika kudikira masabata 8 mpaka 12 kuchokera tsiku lomaliza kukhudza madziwo, kenako kuyezetsa ndi kumwa mlingo umene wachipatala wawerengera malinga ndi kulemera kwa thupi. Pofika nthawi imeneyo wophunzira uja ali kwawo kalekale, akulemba mayeso, za Nkhata Bay zatsala pa zithunzi. Akayamba kutentha thupi, kutsokomola kapena kutopa kosadziwika, dokotala wa kwawoko sangaganize za likodzo ngati sanauzidwe, chifukwa mwina sanalionepo chiyambire ntchito.

Pali china chimene chimandiwawa ndikaima pamchenga umenewo. Mlendo amasamba kawiri kapena katatu, ndipo ali ndi buku lomuchenjeza, inshulansi ndi chipatala chabwino chomudikira. Pambali pake pali ana a m'mudzimo amene amalowa m'madzi omwewo tsiku lililonse kuyambira ali akhanda, ndi amayi awo amene amaima m'madzi mpaka m'mawondo akuchapa. Iwowa ndiwo eni matendawa. M'madera ena mnyamata akakodza magazi akuluakulu sadabwa, amangoti ndi kukula. Kwa amayi ndi atsikana nkhani ndi yowawa koposa, pakuti mazira aja amakakhalanso m'njira ya chiberekero n'kuyambitsa zilonda, kutaya magazi ndi ululu pokhala malo amodzi ndi mwamuna. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndipo alipo mabanja amene alozana zala za chigololo pamene wolakwa ndi nkhono. Mayi wa kunyanja amene wapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana kangapo osachira, auze namwino kuti amachapa ndi kusamba m'nyanja.

Unduna wa Zaumoyo umagawa praziquantel m'sukulu za pulayimale, koma makolo ena amauza ana kuti tsiku limenelo asapite, poopa chizungulire ndi nseru zimene mankhwalawa amabweretsa. Zimenezo zimachepa mwana akadya kaye. Mpingo uli ndi amayi a Dorika amene amadziwa kuphika phala la anthu 100 pa kanthawi kochepa. Tsiku logawa mankhwala pa sukulu yapafupi ndi tsiku loyenera mapoto awo. Ndipo chimbudzi chilichonse chimene chakumbidwa pafupi ndi doko chimadula ulendo wa mazira aja asanafike ku nkhono.

Tisaganizenso kuti ife a mu Mzuzu tili kunja kwa nkhaniyi. Ana athu obadwira ku Katoto, Chibavi ndi Mchengautuwa ndi alendo kunyanja mofanana ndi mwana wa ku Denver. Timawatumiza ku misasa ya Pathfinder m'mphepete mwa nyanja, makwaya athu amapita kukajambula nyimbo ataima m'madzi, ndipo pa misonkhano ya misasa timabatiza m'nyanja, m'mitsinje ndi m'madamu. Sindikunena kuti tileke. Ndikunena kuti osankha malo a ubatizo apewe pa bango ndi pa madzi osayenda, ndipo madikoni amene amaima m'madzimo nthawi yaitali limodzi ndi abusa aziyezetsa. Pa msasa, madzi osamba otungidwa m'nyanja atenthetsedwe bwino, kapena akhale mu ndowa masiku awiri, pakuti tizilomboti sitikhala ndi moyo nthawi yaitali tikasowa munthu. Mtsogoleri wa achinyamata alembe tsiku limene ana analowa m'madzi ndi kulipereka kwa makolo, monga momwe amaperekera chiwerengero cha ndalama.

Kwa mlendo wa sukulu, mwambo umene ndimalimbikitsa mabanja omulandira ndi wa kapepala. Sabata lake lomaliza, pamene mukumupatsa chitenje ndi paketi ya mtedza, mupatseninso kapepala kolembedwa zinthu zitatu m'Chingerezi: dzina la nyanja, tsiku lomaliza limene analowa m'madzi, ndi dzina la matendawa monga madokotala amalitchulira, schistosomiasis. Akaike m'pasipoti. Inunso lembani tsikulo pa kalendala ya kukhitchini, ndipo miyezi itatu ikakwana mutumizireni uthenga pa WhatsApp womufunsa ngati wapita kukayezetsa. Amene anasamba ku Nkhata Bay mu Julayi, mwezi wake ndi Okutobala.